Sitima ikaima nthawi yaitali, yambani mwasuzumira pawindo musanatsike

Ife a ku Chipata njanji tili nayo, koma sitima yonyamula anthu sitinaizolowere. Njanji yochokera ku Mchinji, ya makilomita 27, anaitsegulira mu 2010, nthawi ya a Rupiah Banda ndi a Bingu wa Mutharika, ndipo yakhala ya katundu. Ija timamva kuti idzachoka kuno kudzera ku Petauke n'kukalumikizana ku Serenje ndi ya TAZARA, njanji ya pakati pa Zambia ndi Tanzania, sinayalidwebe. Ndiye munthu wa kuno akafuna kupita ku Dar es Salaam pa sitima amayamba wakwera basi ya m'bandakucha, kudutsa Katete, Sinda, Petauke, Nyimba mpaka ku Lusaka, mtunda woposa makilomita 550, kenako n'kugwira ina ya ku Kapiri Mposhi. Amafika pa siteshoni maganizo ake adakali a pa basi, ndipo pa basi tinaphunzira kuti ikaima nthawi yaitali ndiye kuti chilipo chavuta.

Pa sitima si choncho. Ine ndimagulitsa zitenje ndi nsapato za amayi pa msika wa Kapata, katundu wanga ndimakaoda ku msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam, ndipo njira imeneyi ndayendamo zaka zambiri. Ndaona amayi anzanga mtima uli m'mwamba sitima ikangoima theka la ola, ena mpaka kuimba foni kunyumba kuti yatifera panjira. Ndaonanso ena, ndipo awa ndi amene amandidetsa nkhawa kwambiri, akutsika pamalo osayenera kutsika poganiza kuti kuima kulikonse n'chimodzimodzi. Kuima kwa sitima kuli mitundumitundu. Pena mukhoza kutsika, kugula chakudya, kuwongola miyendo mtima uli m'malo. Pena phazi lanu lisaponde pansi n'komwe. Zonsezi zimadziwika ndi maso, bola mudziwe choyang'ana.

Yambani mwadziwa kukula kwa ulendowo. Kuchokera ku New Kapiri Mposhi kukafika ku Dar es Salaam ndi makilomita 1,860, ndipo 885 ali mbali ya Zambia, 975 mbali ya Tanzania. Njanjiyi inamangidwa kuyambira 1970 mpaka 1975 ndi chithandizo cha dziko la China, a Kenneth Kaunda ndi a Julius Nyerere ali pampando. M'sitimamo mumagonamo usiku uwiri. Palibe dalaivala angayendetse maola onsewo yekha, madzi a m'mabogi sangafike kumapeto osawonjezera, ndipo zitsulo zimene zakhala zikugubuduka usiku wonse zimafuna munthu wozionaona. Ntchito zonsezi sizitheka sitima ikuyenda. N'chifukwa chake okonza ndandanda ya ulendo amaziikira nthawi yake dala, pa masiteshoni amene ali ndi anthu ndi zipangizo zake.

Basi yathu ikaima pa Luangwa Bridge imaimira ife, kuti tidye, tigule nsomba zouma ndi madengu, tipite kuchimbudzi. Kondakitala amayang'ana mipando, akaona pena palibe munthu amakuwa, dalaivala n'kudikira. Sitima ikaima pa Mpika imaimira zosowa zake, ife timangopezerapo mwayi. Ntchito yake ikatha imanyamuka, ndipo palibe amene amayenda n'kumawerenga mipando.

Choncho pogula tikiti pemphani kuona ndandanda ya nthawi, mulembe m'kabuku kapena muijambule pa foni. Masiteshoni oti muwasunge pamtima ndi Mkushi, Serenje, Mpika, Kasama, Nakonde, kenako kutsidya Tunduma, Mbeya, Makambako, Mlimba, Ifakara. Pa siteshoni iliyonse yaikulu pamakhala nthawi ziwiri, yofika ndi yonyamuka. Zikatalikirana kwambiri, ndiye pamene pali ntchito. Masiku ndi maola amasinthidwa nthawi zina, ndiye muzifunsa ulendo uliwonse, osadalira zimene anakuuzani mnzanu amene anapita chaka chatha. Mufunsenso ngati sitima imene mwakwerayo ikuwoloka malire yokha kapena mukasinthira ina pa Nakonde. Mukalowa m'bogi yanu, perekani moni wabwino kwa wantchito wosamala bogiyo, mumudziwe nkhope. Ameneyo ndiye adzakuuzani zoona pa siteshoni iliyonse.

Tsopano sitima yaima pa siteshoni yaikulu. Musathamangire kukhomo. Tsegulani windo muone.

Mukamva kugogoda kwa chitsulo kukubwera chapansi pa mabogi, ngwe, ngwe, ngwe, suzumirani. Muona bambo atavala ovolosi, nyundo ya mpini wautali ili kudzanja, tochi kudzanja linalo ukakhala usiku. Amamenya wilo lililonse kamodzi n'kutchera khutu. Wilo labwino limalira ngwe-e-e, kulira kokoka. Long'aluka limangoti phu, osapitiriza. Akatero amayandikiza kuseri kwa dzanja pa kabokosi kali pakati pa wilo, momwe muli mabering'i, kuti amve ngati katentha. Bering'i ikauma girizi imatentha mpaka kufuka utsi, ndipo ikasiyidwa choncho chitsulo chogwira mawilo awiriwo chikhoza kuduka sitima ili pa liwiro. Amawerama n'kuunika zitsulo za mabuleki ngati zadyeka, n'kugwedeza mapaipi olumikiza bogi ndi inzake. Bogi imodzi ili ndi mawilo 8, ndipo ayenera kuyendera sitima yonse, mbali zonse ziwiri. Mwana wa achemwali anga, pa ulendo wake woyamba, anawafunsa bambo otere ali pawindo kuti, "Atate, kodi chawonongeka n'chiyani?" Iwo osaimitsa nyundo anamuyankha m'Chinyanja kuti, "Palibe mwananga, khala pansi. Tikuona mawilo chabe." Ine ndikaona bambo wa nyundo adakali pa bogi za kutsogolo, ndimadziwa kuti nthawi yotsika ilipo. Ndikamuona akubwerera mbali inayo, ndimayamba kuyandikira khomo la bogi yanga.

Chizindikiro china chodalirika ndi mutu wa sitima. Mukamva bogi ikugwedezeka pang'ono, kenako phokoso la injini likumka litalikira, ndiye kuti mutu aumasula. Wapita kukamwa dizilo, kapena abweretsa wina. Ku Mpika ndi ku Mbeya kuli malo aakulu okonzera mitu ndi mabogi a njanjiyi, ndiye musadabwe kuima kwa kumeneko kukatalika. Mutu wa sitima sufuna dizilo yekha. Amaonanso oilo ndi madzi oziziritsa injini, ndipo amadzaza mchenga wouma m'timabokosi tili pafupi ndi mawilo. Mchengawo umathiridwa pa njanji pokwera chitunda kapena mvula ikagwa, kuti mawilo asaterereke. Ambiri sadziwa zimenezi, koma popanda mchenga sitima yolemera ikhoza kumangozungulitsa mawilo pamalo amodzi pa chitunda chonyowa. Malinga mutu palibe, sitima siingapite kulikonse. Apa ndiye pamene mungapite kukagula zinthu mosathamanga.

Koma mutu ukabwerera, musamayembekeze kuti inyamuka pompo, ndiponso musatalikire. Mumva kugunda, gu, mabogi onse n'kunjenjemera motsatizana mpaka kumapeto. Chotsatira ndi kuyesa mabuleki, ndipo ichi ndimafuna aliyense achimvetse chifukwa ndi chimene chimasunga moyo wathu. Mabuleki a sitimayi amayendera mpweya. Pali paipi imodzi yochokera ku mutu kudutsa pansi pa bogi iliyonse mpaka yomaliza. Mpweya ukadzaza m'paipimo mabuleki amamasuka, ukachepa amagwira. Anazipanga choncho dala, kuti bogi ikaduka panjira paipi n'kuthothoka, mbali zonse ziwiri ziime zokha. Ndiye mutu ukamasulidwa, kapena akachotsa bogi ina n'kuwonjezera ina, mpweya uyenera kupopedwanso mpaka udzaze, kenako dalaivala amange mabuleki, wina ayende kukaona ngati agwira mpaka bogi yomaliza, amasulenso, aonenso. Mumamva tsss, kenako zii, kenako tsss. Mukamva kulira kumeneku muli pa pulatifomu, lipirani chimene mwagulacho mubwerere. Kukatha kuyesako chotsala ndi chilolezo basi.

Madzi ndi ntchito ina yodya nthawi. Muona mapaipi a labala atakokedwa m'mbali mwa njanji, wantchito akulumikiza bogi imodzi, kudikira thanki lidzaze mpaka madzi atayikire pansi, kenako kupita pa ina. Inu amene muli m'kachipinda, ino ndiyo nthawi yokonzekera kusamba m'maso ndi kutsuka makapu sitima ikangonyamuka, chifukwa madzi amakhala ambiri akangothira kumene, ndipo amamka nachepa anthu akamagwiritsa ntchito. Akumwa gulani a m'botolo. A m'thanki ndi osambira. Nthawi yomweyo a bogi yodyera amakweza nkhuku, ndiwo zamasamba, mpunga ndi zakumwa, ndipo ku bogi ya katundu kumakhala piringupiringu wa matumba a chimanga, mbatata, nyemba, njinga, malata. Kwa anthu a midzi ya m'mbali mwa njanjiyi, sitima ndiyo galimoto yawo ya katundu, ndipo thumba lililonse liyenera kulembedwa. Ngati inunso muli ndi mabelo ku bogi imeneyo, si kulakwa kupita kukaima chapatali n'kuona kuti potsitsa za ena sakutsitsa zanu. Lembani dzina ndi kumene mukutsikira ndi zilembo zazikulu mbali ziwiri za belo lililonse.

Mukaona amuna awiri akutsika ku mutu ndi tizikwama tawo, ena awiri akukwera, ndiye kuti madalaivala akusinthana. Sangolandirana mpando. Wotsikayo amafotokoza mmene injini yayendera, wokwerayo amayendera mutu wonse, amasaina mapepala, ndipo amalandira malangizo a malo amene ayenera kuyenda pang'onopang'ono chifukwa njanji ikukonzedwa kapena mvula yakokolola dothi. Ine sindidandaula nako kuima kumeneku ngakhale pang'ono. Tonse a ku Chipata tikudziwa zimene tulo ta dalaivala timachita pa mapiri a pakati pa Nyimba ndi Luangwa.

Kuima konse ndatchulaku n'kwa pa siteshoni yaikulu, pamene pali pulatifomu, magetsi ndi anthu. Palinso kwina kosiyana kotheratu, ndipo apa ndikupemphani mundimvetsere bwino.

Sitima imachepetsa liwiro pakati pa tchire, mumamva mawilo akugogoda pamene njanji zimapatukana, bogi n'kupendekera pang'ono, kenako yaima. Kunja kuli kanyumba kamodzi, mwina ndi nyali imodzi, mwina mdima wokhawokha. Mukasuzumira muona njanji ina pambali panu. Apa mukudikira sitima inzake. Njanji ya TAZARA ndi imodzi yokha, yopita ndi yobwera zimayenda momwemo, chimodzimodzinso ya Zambia Railways yochokera ku Livingstone kudzera ku Lusaka ndi Kabwe mpaka ku Kitwe. Sitima ziwiri sizingadutsane pokhapokha pamalo pamene anayala kanjanji kapambali. Imene yayamba kufika imalowa m'mbali n'kudikira, ndipo dalaivala sangasunthe asanapatsidwe chilolezo chakuti njira ya kutsogolo ilibe kanthu. Malo otere ndi akale monga njanji yomwe. Mzinda wa Lusaka umene timapitako lero unayamba mu 1905 ngati kamalo kopatukirapo sitima, pafupi ndi mudzi wa mfumu Lusaaka.

Kudikira kotere kulibe mlingo. Inzakeyo ikhoza kutulukira pakangopita mphindi zochepa, kapena ikhoza kukhala kuti idakali kutali. Usiku mumayamba kuona kuwala pamitengo, kenako njanji yapambaliyo imayamba kulira pang'onopang'ono, kenako mutu umadutsa pawindo panu ndi mphepo yotentha ya fungo la dizilo, mabogi a katundu n'kumatsatira, gudugudu, gudugudu, mwina a kopa wopita ku doko, mwina a feteleza wobwera kuno. Bogi yomaliza ikangodutsa, yanu ikhoza kunyamuka nthawi yomweyo, nthawi zina hutala kamodzi kokha. Palibe pulatifomu, sitepe ya bogi ili pamwamba kwambiri, pansi pali miyala yoterera. Munthu wovala chitenje, mwana ali kumsana, sangakwere pamenepo sitima itayamba kuyenda. Komanso amene watsikira mbali ya njanji inayo ali m'njira ya sitima imene ikubwerayo. Pamalo otere musatsike, ngakhale muone anyamata ena akulumpha kukasuta fodya. Ana musawalole kutulutsa mutu kapena mkono pawindo la mbali imeneyo. Ndipo mbali ya Tanzania, kupitirira Ifakara chakunyanja, njanji imadutsa m'nkhalango ya nyama imene kale tinkaidziwa kuti Selous, gawo lake lalikulu pano ndi Nyerere National Park. Nyama zionereni pawindo.

Pakati pa Makambako ndi Mlimba ndi pamene pali mapiri ovuta kwambiri pa njanji yonseyi. Chakufupi ndi Mbeya sitima imakhala pamtunda woposa mamita 1,700, ndipo iyenera kutsika mpaka ku Dar es Salaam m'mphepete mwa nyanja ya mchere. Pa chigawo chimenechi pali milatho italiitali ndi mapanga ambiri obooledwa m'mapiri. Sitima ikachedwa kunyamuka isanalowe m'mapiri amenewa, anthu ali pansi pa mabogi ndi matochi, ine mtima wanga umakhala pansi.

Pa malire, Nakonde ndi Tunduma, kuima kwake n'kwa mapepala. Khalani pamalo panu mpaka a imigireshoni atakuonani, kapena mpaka wantchito wa bogi atakuuzani kumene mukadinditse. Pasipoti ikhale pathupi panu, osati pansi pa chikwama chimene mwachimanga ndi zingwe. Pobwerera, malisiti a katundu yense akhale pamodzi m'kapulasitiki, kuti a kasitomu akafunsa musayambe kumasula belo lililonse. Munthu mmodzi wosakonzeka amachedwetsa bogi yonse. Osintha ndalama amakwera kapena kuima m'mawindo. Funsani mtengo kwa awiri kapena atatu, muwerenge mashilingi anu m'manja mwanu musanapereke makwacha, ndipo musinthe zongokwanira panjira. Musathe makwacha onse, mudzawafuna pobwerera mukangowoloka.

Pa malire pomwepo nthawi imasintha. Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi, ndiye ikakhala 10 koloko ku Nakonde, ku Tunduma ndi 11 koloko. Foni imatha kusintha yokha kapena kusasintha, malinga ndi netiweki imene yagwira, ndiye funsani wantchito wa bogi kuti wotchi yake ikuti bwanji, mutchere yanu mofanana. Kutsidyako anthu polankhula Chiswahili amawerenga maola kuyambira m'mawa dzuwa likamatuluka. Akati "saa moja" ndi 7 koloko, akati "saa nne" ndi 10 koloko. Wina akakuuzani nthawi yonyamuka pakamwa, mupatseni foni kapena pepala alembe manambala.

Tsopano funso loyenera kufunsa musanatsike pa siteshoni iliyonse. Musafunse kuti, "Pano timaima nthawi yaitali bwanji?" Funsani kuti, "Lero pano tinyamuka nthawi yanji?" Chifukwa chake ndi ichi. Mkati mwa kuima kwakutali kuja okonza ndandanda amaikamo nthawi ina yapadera, yoti sitima ikachedwa panjira ibwezerepo. Ikafika msanga, imakhala phee mpaka nthawi yake yolembedwa ikwane, ngakhale ntchito zonse zitatha, chifukwa pali anthu amene akubwera kudzakwera podalira nthawi imeneyo, komanso pali sitima zina zimene anazipangira malo odutsirana. Apa mpamene anthu amadandaula kuti tikungokhala popanda chifukwa. Koma ikafika mochedwa, amachita zofunika zokhazo mwachangu n'kunyamuka. Siteshoni imene ulendo wapita munakhalapo ola lathunthu, lero mukhoza kukhalapo mphindi zochepa. Amene amatsala kawirikawiri si alendo ayi, ndi anthu ozolowera njira, amene amati pano ndikudziwapo, timachedwapo.

Mukauzidwa kuti nthawi ilipo, tsikani motere. Siyani munthu mmodzi m'kachipinda, muzisinthana. Mu kalasi yoyamba mumakhala anayi, mu yachiwiri asanu ndi mmodzi, amayi paokha abambo paokha pokhapokha banja litagula kachipinda konse, ndiye kupangana ndi anzanu n'kosavuta ngati munalonjerana bwino poyamba. Tsekani windo musanatuluke, makamaka usiku, chifukwa dzanja lochokera kunja limafika pa kathebulo pamene timakonda kusiya foni. Tikiti, pasipoti, ndalama ndi foni zipite nanu. Yang'anani nambala ya bogi yanu ndi chinthu china chimene yaima moyang'anana nacho, mtengo kapena chikwangwani, koma mukumbukire kuti akamachotsa kapena kuwonjezera mabogi sitima imatha kusunthidwa n'kubwezedwa pa njanji ina. Mukaiona ikuyenda chobwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, wantchito ali pansi akukupiza dzanja kapena nyali, musaithamangire. Funsani wa yunifolomu amene ali pafupi. Ndipo chonde, musadutse pansi pa bogi kapena pakati pa mabogi awiri pofuna kufupikitsa njira, ngakhale sitima ikuoneka kuti yazima. Zungulirani.

Musatuluke kunja kwa mpanda wa siteshoni. Chilichonse chimene mukufuna chimabwera chokha pa pulatifomu. Mbali ya kwathu mupeza mbatata, chinangwa chootcha, nthochi, zitumbuwa, mtedza, chikanda, ndipo nyengo yake bowa ndi finkubala. Kutsidya kuli chapati, nthochi zootcha, mazira ndi tchipisi, ndipo ku Mbeya ndi ku Ifakara mpunga ndi wambiri. Ine ndimasankha chimene chaphikidwa ndikuona kapena chimene ndisenda ndekha, chifukwa m'mimba mukavuta pa ulendo wa usiku uwiri mumazunzika. Khalani ndi ndalama zing'onozing'ono m'thumba lapafupi. Mayi wogulitsa nthochi sangakupezereni chenji ya K100 hutala italira, ndipo si bwino kumuthamangitsa m'mbali mwa sitima yoyenda chifukwa cha chenji yanu. Mukagula pawindo, landirani katundu ndi kupereka ndalama sitima idakali chiimire.

Za chimbudzi, konzekeranitu sitima isanafike pa siteshoni yaikulu. M'mabogi ambiri akale zonyansa zimagwera pa njanji pomwepo, ndiye pa siteshoni chimbudzi sachigwiritsa ntchito, ndipo nthawi zina amachikiya. Kumbukirani bambo wa nyundo uja, amene akugwira ntchito pansi pa bogi yanu. Ana apititseni mukangoona nyumba zayamba kuchuluka kunja. Okalamba, ambuya athu amene miyendo imatupa akakhala nthawi yaitali, atsitseni pa siteshoni ya pulatifomu yokha, muwayendetse pang'ono pafupi ndi khomo, ndipo akwere msanga anthu asanayambe kupanikizana.

Zizindikiro zonyamukira zimabwera motsatana. Mapaipi a madzi achotsedwa, chitseko cha bogi ya katundu chatsekedwa, mabuleki alira tsss komaliza, ogulitsa ayamba kubwerera m'mbuyo, wezulo walira, agadi aonetsa mbendera yobiriwira kapena nyali yobiriwira usiku, hutala n'kulira. Musadikire hutala. Ikayamba kuyenda inu muli patali ndi bogi yanu, kwerani khomo lililonse limene lili pafupi ngati idakali pang'onopang'ono zedi ndipo manja anu alibe kanthu, mukayenda m'kati kukafika kwanu. Ngati yayamba kuthamanga, isiyeni ipite. Pitani msanga kwa mkulu wa pa siteshoni, mumuonetse tikiti, kuti atumize uthenga katundu wanu asungidwe, ndipo muimbire anzanu a m'kachipinda, amene manambala awo munayenera kutenga tsiku loyamba. Dziwaninso kumene msewu uli. Kuchokera ku Kapiri Mposhi mpaka ku Mpika njanji imayenda pafupi ndi Great North Road. Pa Mpika zimasiyana, njanji imazungulira ku Kasama pamene msewu umalunjika ku Nakonde kudzera ku Isoka, ndiye wotsala pa Mpika akhoza kukaipeza sitima pa Nakonde ndi basi. Kutsidya, msewu waukulu umayenda limodzi ndi njanji kuchokera ku Tunduma kudzera ku Mbeya mpaka ku Makambako. Kupitirira pamenepo msewu umapita ku Iringa, njanji n'kutsikira kuchigwa cha Kilombero, ndipo kuigwiranso n'kovuta kwambiri. Pa Mlimba ine sinditalikira khomo la bogi.

Pokonza ulendo wobwerera kuno ku Chipata, musamangirire zinthu zanu pa ola lofikira ku Kapiri Mposhi. Kudikirana kwa pa njanji imodzi kuja kumawonjezekera m'njira yonse, ndipo mukatsika mudakali ndi makilomita pafupifupi 200 kuti mufike ku Lusaka, kumene basi zambiri za kwathu zimanyamuka m'mawa pa Intercity. Siteshoni ya TAZARA ili patali pang'ono ndi pamene pamaima basi, ndiye mudzafuna takisi ya mabelo anu. Tikiti ya basi ya ku Chipata mudzagule mutafika, sungani ndalama ya malo ogona usiku umodzi, ndipo amene akukusungirani benchi ku msika muwauze tsiku lowonjezera. Ngati mukupita ku ukwati, ku maliro kapena kuchipatala kumene anakupatsani tsiku, nyamukani msanga, osadikira sitima yomaliza.